Sony PCM-R500 yogula kwa wina: kulimba kwake, matenda ake ndi kakonzedwe kake

Sony idayamba kugulitsa makina a DAT (Digital Audio Tape, timakaseti tojambula mawu mwa dijito) mu 1987 ndipo idaleka kuwapanga kumapeto kwa 2005. Choncho DAT ya PCM-R500 iliyonse imene mungaipeze lero idadutsa kale m'manja mwa ena, ndipo zambiri zikuyandikira zaka 30. Woifuna masiku ano kawirikawiri amakhala ndi katoni ya matepi a ku situdiyo, a kwaya kapena a pawailesi, ndipo akufuna kusamutsira mawuwo pa kompyuta matepiwo asanawonongeke. Pa ntchito imeneyi R500 ndi makina oyenera kuwagula ndi kuwakonzetsa, bola drum yake, kachitsulo kozungulira konyamula mahedi ojambula ndi kuwerenga tepi, ikhale idakali ndi moyo. Zina zonse mmisiri wodekha amazitha.

Ndi chibokosi cholemera ndithu, chopangidwira raki ya mainchesi 19. Kumbuyo kuli malo olumikizira mawaya: XLR ndi RCA za analogi, komanso AES/EBU ndi S/PDIF ya coaxial za dijito. Imawerenga matepi a 48 kHz ndi 44.1 kHz a 16-bit, ndiponso a 32 kHz ojambulidwa pa long play. Ogulitsa amakonda kutamanda Super Bit Mapping, njira ya Sony yokometsera mawu, yolembedwa kutsogoloko, koma imeneyo imagwira ntchito pojambula kuchokera ku analogi basi. Wosamutsa matepi akale asawonjezere ndalama chifukwa cha dzinalo. N'chimodzimodzi ndi mkulu wake, PCM-R700: mahedi ake anayi ndi oti muzimva zimene zalowa pa tepi uku mukujambula.

Chimene chimaikweza R500 pamwamba pa makina a pakhomo ndi mamota ake anayi a direct drive: ya drum, ya capstan (kamtengo kachitsulo koyendetsa tepi), ndi imodzi pa reel iliyonse yokulungira tepi. Makina otchipa ambiri amazunguza ma reel onse awiri ndi mota imodzi kudzera m'magiya apulasitiki ndi clutch, ndipo pulasitikiyo ikakalamba imang'aluka, tepi n'kuyamba kulendewera m'kati. Mu R500 kukoka kwa tepi kumalamulidwa ndi magetsi, kotero kumakhala kofanana kuyambira koyambirira kwa kaseti mpaka kumapeto. Ndi yachifundo kwa tepi yokalamba, ndipo pa matepi amene alibe kope lina chifundo chimenecho ndicho mukulipirira.

Kuti mumvetse chifukwa chake makinawa savomera nkhanza, onani kukula kwa zinthu zake. Tepi ndi yotakata mamilimita 3.81 ndipo imayenda mamilimita 8.15 okha pa sekondi. Drum ndi ya mamilimita 30, imazungulira ka 2,000 pa mphindi, ndipo tepi imaikulunga madigiri 90. Mahedi awiri a pa drum amalemba mizere yopingasa, uliwonse wotakata ma micron 13.6, kuchepa kangapo kuposa tsitsi limodzi la munthu. Kafumbi kamene kaseti wamba sikadaidetsa nkhawa, pano kamaphimba mzere wonse.

Pali chinyengo chimodzi chimene wogula ayenera kuchidziwa. DAT imagawa mawu pakati pa mahedi awiriwo: mzere wina umatenga ma sample (tizidutswa ta mawu tosandutsidwa manambala) a nambala zogawika ndi 2 a kumanzere pamodzi ndi a nambala zosagawika a kumanja, mzere winawo n'kutenga otsalawo. Zolakwika zazing'ono imazikonza ndi masamu a Reed-Solomon. Zikachuluka imangoganizira mtengo wosowawo poyerekeza ndi oyandikana nawo, ndipo zikapyola apo m'pamene imakhala chete. Zotsatira zake n'zakuti makina amene hedi imodzi yatsekeka ndi litsiro angathe kuimbabe, inu n'kumati zili bwino, pamene theka la zimene mukumvazo n'zongopeka. Khutu lokha silikwanira poyesa DAT.

Poyesa musanagule, pitani ndi matepi awiri amene simungawalire: ina yopanda kanthu, ina yojambulidwa pa makina ena odalirika. Yatsani makinawo ali ozizira. Ngati mawu akuthetheka mphindi zoyambirira kenaka n'kuyera akatenthera, kaikirani makapasita. Jambulani pa tepi yopanda kanthuyo, muiseweretse, kenaka ikani yachiwiri ija. Makina owerenga bwino tepi yake yokha n'kumakana ya ena ndiye kuti njira ya tepi idasuntha. Okana zonse ziwiri ali ndi litsiro, vuto la RF amplifier (chokuza chizindikiro chochokera ku mahedi), kapena mahedi otha. Yesaninso kufufuza ma Start ID, zizindikiro za poyambira nyimbo iliyonse, pothamangitsa tepi kutsogolo ndi kumbuyo. Pomaliza tulutsani kaseti, tsegulani chivindikiro chake, muyang'ane m'mphepete mwa tepi pa kuwala. Mphepete yokwinyika kapena yopindika ngati tsamba la fodya louma ikukuuzani kuti makinawo akudya tepi, ngakhale mawu amveke okoma.

Kutsuka ndiye ntchito yoyamba, ndipo ndi pamene mahedi ambiri amafera. Zulani pulagi, chotsani chivindikiro cha pamwamba. Mukufunika isopropyl ya 99% ndi kachikopa ka chamois kapena kansalu kosathothoka ulusi. Sipiriti yofiirira ya m'golosale ayi, imasiya zotsalira. Thonje la m'makutu lisayandikire drum, chifukwa hedi imatuluka pang'ono kunja kwa drum ndipo ulusi ukakola umaibenthula. Nyowetsani kachikopako pang'ono, kagwirizeni mopepuka pambali pa drum ndi chala, kasasunthe, ndipo ndi dzanja linalo zunguzani mbali ya pamwamba ya drum pang'onopang'ono kulowera kumene imazungulira ikamagwira ntchito, kanayi kapena kasanu. Musapukute chokwera ndi chotsika ngakhale kamodzi. Hediyo imapirira kukhuzidwa cham'mbali, koma ikakankhidwa chokweza imathyoka, ndipo ikathyoka nkhani yatha. Bwerezani ndi mbali yoyera ya kachikopako mpaka pasaoneke chakuda.

Pa capstan, pa timizati totsogolera tepi ndi pa mzere wa m'munsi mwa drum umene tepi imatsamira, thonje lija ndi lololedwa. Capstan imamanga mkanda wabulauni wouma umene umafuna kunyowetsedwa kangapo. Samalani kuti isopropyl isatsikire mu bearing yake. Dikirani mphindi khumi zonse ziume musanaike kaseti, chifukwa tepi ikakhudza drum yonyowa imamatirira n'kukulungidwa yonse m'kuphethira kwa diso. Makina ambiri a DAT ali ndi kagudumu ka siponji kamene kamakhudza drum kaseti ikamalowa. Kakada kapena kakayamba kunyenyeka kamapaka litsiro pa hedi imene mwangotsuka kumene, ndipo amisiri ambiri amangokachotsa. Kaseti yotsukira, monga DT-10CL ya Sony, imagwira ntchito mopala. Masekondi 10 akwana, ndipo kuibwereza tsiku ndi tsiku n'kusenda mahedi anu ndi manja anu omwe.

Direct drive siichotsa ukalamba wa raba ndi girisi. Pinch roller, kagudumu ka raba kopanikiza tepi pa capstan, ikauma imanyezimira ngati galasi, kapena imatupa pakati, ndipo imakankhira tepi m'mwamba kapena pansi pa capstan. Kumeneko ndiko kumachokera mphepete yokwinyika ija. Kuitsuka kumathandiza masabata ochepa, mankhwala ake enieni n'kusintha, ndipo yatsopanoyo ifanane ndi yakale m'litali ndi m'mimba mwake mpaka pa kachigawo ka milimita. Girisi ya ku fakitale nayo imauma n'kukhala ngati phula. Timizati tiwiri tokoka tepi kuchokera mu kaseti timayenda m'tinjira tawo, ndipo girisi ikalimba timaima tisanafike kumapeto. Kusiyana kwake diso silikuona, koma mzere wa ma micron 13.6 umakuona. Chotsani girisi yonse yakale ndi isopropyl, pakani yopyapyala yosadya pulasitiki, monga Molykote EM-30L, pang'ono ngati kambewu ka mapira pa malo alionse. Mkono wa pinch roller uzibwerera wokha msanga mukausiya. WD-40 isalowe m'makinawa, ndipo girisi isakhudze paliponse pamene tepi imadutsa. Pukutaninso timaso toona mapeto a tepi, chifukwa fumbi likatiphimba makina amaima pakati pa nyimbo popanda chifukwa chooneka.

Za makapasita: matenda otayikira madzi ndi otchuka kwambiri pa ma Sony a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, monga DTC-55ES ndi DTC-57ES, makamaka mu RF amplifier, kabokosi kachitsulo kokhala pafupi ndi drum. R500 idabwera pambuyo pake, komabe pa msinkhu umenewu iyenera kuyang'anidwa. Zizindikiro ndi mtovu wowotcherera umene wachita mbuu, timizere ta kopa tobiriwira, ndi fungo la nsomba mukayandikiza chowotcherera. Kapasita yotayikira musaizule mokoka, imanyamula kopa wa pa bolodi. Tsukani madziwo kaye, lumikizani timizere todyeka, kenaka ikani yatsopano ya mlingo womwewo. Ku mbali ya magetsi yang'anani miyendo ya ma regulator, pamene kutentha kwa zaka zambiri kumang'ambitsa mtovu.

Tsopano chimene simuyenera kuchigwira. Pamwamba pa timizati tolowetsa ndi kutulutsa tepi pa drum pali malo ozunguzira, ndipo aliyense wogwira sikuludiraiva amayesedwa kuti apotoze pang'ono. Timizatito timakonzedwa ndi oscilloscope, chida choonetsa chithunzi cha mafunde a magetsi, yolumikizidwa ku RF, yotsatira switching pulse, pamene tepi yoyesera ya ku fakitale ikusewera. Chithunzi chake chiyenera kukhala chodzaza ndi chosalala kuyambira polowera mpaka potulukira. Kupyapyala kumanzere kukuloza kamzati kolowera, kumanja kotulukira. Kukoka kwa tepi nako kumayesedwa ndi kaseti yapadera ya torque, ndipo kukachuluka mahedi amatha msanga. Mmisiri amene mukufuna kumusiyira makinawa mufunseni ngati ali ndi zida zitatuzi komanso service manual. Akati amayesa ndi khutu, nyamulani katundu wanu. Amene adazolowera mavidiyo a VHS kapena makamera a 8 mm amamvetsa msanga, chifukwa nzeru ya helical scan, yolemba mizere yopingasa ndi mahedi ozungulira, ndi imodzi, kungoti pano zonse ndi zazing'ono kwambiri.

Chodandaulitsa chachikulu pa R500 ndi chimene chili pa DAT iliyonse: drum yatsopano sikupangidwanso. Mahedi akatha, chithunzi cha RF chimakhala chotsika ngakhale mutatsuka ndi kulungamitsa zonse, ndipo njira yokha ndi kuchotsa drum m'makina ena akufa. Mukapeza R500 yachiwiri yosayaka pa mtengo wotsika, itengeni ikhale nkhokwe ya zipangizo. Pa chifukwa chomwecho musamagwiritse ntchito makinawa pomvera nyimbo madzulo kapena pojambula zatsopano. Ola lililonse la drum lipite ku matepi ofunika.

Oitanitsa kunja awerenge kachikwangwani ka kumbuyo asanalowetse pulagi. Ya ku America ndi ya 120 V, ya ku Japan 100 V, pamene magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230 V. Pamafunika thiransifoma yotsitsa, ndipo UPS ndi yothandiza chifukwa magetsi akathima tepi ili yokulunga drum imatsala panja pa kaseti. Zikatero musaikoke. Dikirani magetsi, kapena tsegulani pamwamba, zunguzani mota yolowetsa tepi ndi chala mpaka timizati tibwerere, n'kukulunga yolendewerayo pa reel musanatulutse kaseti. M'nyengo ya dzinja, kapena mukachotsa makina m'chipinda chozizira kupita kotentha, chinyontho chimagwira pa drum ndipo pa galasi pamatuluka mawu akuti CAUTION. Chotsani kaseti, asiyeni oyaka kwa ola limodzi.

Matepi nawo ali ndi zawo. Yokhala zaka zambiri m'kabati ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza musanaisewere. Yochita chuku, yooneka ufa woyera pawindo, isalowe m'makina isanatsukidwe, chifukwa imatseka mahedi m'masekondi ochepa n'kupatsira matepi otsatira. Tsegulani kachitseko koletsa kujambula pa kaseti iliyonse. Kaseti ya mphindi 120 ili ndi tepi ya mamita 60. Ena ankajambula pa matepi a kompyuta a DDS a mamita 90, amene ndi opyapyala, ndipo amenewo ndiwo amayamba kukwinyika pinch roller ikatopa.

Posamutsa dutsani pa dijito: waya wa ma ohm 110 pa AES/EBU kapena wa ma ohm 75 pa S/PDIF, ndipo kompyuta itenge clock yake (chizindikiro cha nthawi chogwirizanitsa zida ziwirizo) kuchokera ku DAT, apo ayi mudzamva kuthetheka kumene sikuli pa tepi. Yang'anirani galasi la makina nthawi yonse, popeza tepi imodzi ikhoza kuyamba pa 48 kHz n'kusintha kupita pa 44.1 kHz pakati, ndipo gawo lililonse limafuna fayilo yake. Chizindikiro cha emphasis (kukweza mawu akuthwa pojambula) chikayaka, lembani penapake: fayiloyo idzamveka yakuthwa mpaka muichotse emphasis ya 50/15 µs pa kompyuta. Ma Start ID mapulogalamu ambiri sawasunga, ndiye lembani nthawi zake pamanja. Tepi ya mphindi 120 pa 48 kHz imadya pafupifupi 1.4 GB. Tepi imene idajambulidwa pa makina opotoka imakana pa R500 yolungama bwino, ndipo pamenepo mmisiri amapotoza kamzati dala uku akuyang'ana oscilloscope, kusamutsa tepi imodziyo, n'kubwezeretsa zonse ndi tepi yoyesera ija asanaike ina.