Kosi ya zosoka ndi kudizayina nsalu: ili bho, koma nkhani ya ntchito asakunamizeni

Amene mukufuna kulipira fizi pa kasukulu ka private kophunzitsa tailoring ndi textile design, ine ndinadutsamo chakuLimbe konko ndiye ndikuuzeni mmene ndinaonera. Kunena mwachidule manja amakuphunzitsani ndithu, mukatuluka mumatha kudaya nsalu, kudinda komanso kudula patani, koma zija amalonjeza tsiku lolembetsa zoti mukamaliza makampani azikulimbiranani zija muzimve ndi khutu limodzi.

Chomwe ndinachikonda kwambiri ndi kalasi ya tie and dye ndi batik. Madamu omwe amaphunzitsa zimenezi ndi katswiri zedi, tsiku loyamba sanatipatse ndi utoto omwe, anangobwera ndi machesi ndi tizidutswa ta nsalu nkumatiuza kuti otchani. Ya thonje imapsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, ya polyester imakwinyika nkusungunuka kusiya kampira kolimba konunkha pulasitiki. Akuti mukalakwitsa apa basi ndalama ya utoto mwataya, poti utoto timagwiritsa ntchitowu umagwira thonje, pa polyester umangotsetsereka mukachapa kamodzi zonse zapita. Ndiye pano ndikamagula bafuta ku msika ndimapempha kaulusi ka m'mphepete kuti ndiotche kaye, ogulitsa ena amakwiya koma aaa ndalama ndi yanga.

Batik timasungunula makandulo nkusakaniza ndi phula la njuchi, makandulo okha amasweka kwambiri utoto nkulowa paliponse, phula ndi lomwe limafewetsa. Mukajambula ndi phula lotenthalo, mumaviika mu utoto kuyambira wowala kupita wakuda, kenako kuchotsa phulalo ndi madzi owira kapena kusita ndi simbi pakati pa manyuzipepala akale. Zimadya nthawi koma ikatuluka nsalu ija mumaiwala kutopa konse. Vuto linali magolovesi, sukulu inalibe okwanira ndipo caustic soda ndi hydros, mankhwala osakaniza ku utoto, sizinthu zoseweretsa, zimawotcha khungu komanso fungo lake limakanda kukhosi, tinkadayira panja pansi pa mtengo wa mango. Gulani anu magolovesi musanayambe, osadikira aofesi.

Mbali ya kompyuta ndiye inandikhumudwitsa. Textile design yeniyeni ndi repeat, kujambula kachithunzi koti kakabwerezedwa pa nsalu yonse m'mphepete muzilumikizana osaoneka pomwe kathera, chitenje chilichonse mwavalacho chinapangidwa choncho. Ife repeat tinaiphunzira papepala podula pakati nkusinthanitsa mbali nkumata ndi selotepi, njira yabwino ndithu yomvetsera, koma CorelDRAW ndi Photoshop tinangozilawa, makompyuta ochepa anthu gulu, magetsi akathima kalasi yatha poti jenereta akuti ndi ya ku ofesi. Makina osokera anali ambiri a Butterfly ndi Singer opalasa ndi miyendo, a Juki amagetsi aja ndi overlock, makina omanga m'mphepete mwa nsalu kuti isasomphoke, timachita kulemba mayina kuti uwagwireko, chonsecho kulikonse mungakafune ntchito yosoka zambiri akufunsani ngati mumatha makina a industrial ngati amenewo.

Musanalipire funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 1999 loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mufunsenso kuti mayeso mulemba a ndani. Satifiketi yongosindikiza ahedi pa printa yawo ilibe mphamvu mukamafunsira ntchito yophunzitsa kapena tenda.

Tsopano za ntchito. Malawi muno thonje timalima, ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima, koma lambiri limatuluka lisanasanduke nsalu. Fakitale yaikulu yomwe aliyense amaidziwa yodinda zitenje ndi David Whitehead ya ku Blantyre, yomwe a Mapeto anagula mu 2003, ndiye ganizani fakitale imodzi ingalembe madizayina angati. Zitenje zadzadza mu Limbe ndi mumsika wa Lilongwe zambiri ndi zochokera kunja, Tanzania, India, China, wojambula wake ali konko. Uku kaunjika naye wagwira msika, munthu akuona bulauzi yotchipa pa mulu ndiye iwe umuuze mtengo wa nsalu yomwe wadaya pamanja masiku awiri, amangoti "koma ndi yokongola" nkumapita.

Sindikuti njira palibe. Lilly Alfonso, dizayina wa zovala, anapanga dzina mpaka kunja, a Mayamiko ku Chinsapo ku Lilongwe amasoka zovala za chitenje zogulitsa ku Ulaya, Mzuzu Fashion Week yaonetsa achinyamata ambiri. Koma mwa ife tinamalizira limodzi amene akudya bwino si amene ankajambula madilesi a pa runway mu buku, ndi amene anagwira ma oda osasangalatsa aja: mayunifolomu a sukulu yakayandikira kutsegulidwa, mabulauzi oyera a amayi a Mvano, ma T-shirt a kwaya ndi a ma NGO odinda pa sikirini, ndi zovala zofanana za pa chinkhoswe ndi bridal shower. Screen printing yomwe ambiri tinkaiderera ndi yomwe ikulipira lendi, chifukwa sikirini ukaikonza kamodzi umadinda malaya ambirimbiri ndi dizayini yomweyo.

Ndipo apa ndi pomwe sukulu inatisiya m'malere, nkhani ya mitengo. Palibe tsiku anatikhazika pansi kuti tiwerengere nsalu, ulusi, zipi, lining, makala a simbi, minibasi yopita kukagula katundu, ndi nthawi yako. Anzanga ena amatchaja pongoonera telala wa pakhonde, kuiwala kuti iye sanagule utoto. Za dipoziti nazo ayi, ndinachita kumva kwa bambo ena achikulire komwe ndinali pa atachimenti, anati mwana wanga usadule nsalu ya munthu asanapereke theka, ukwati ukalephereka madilesi a ma bridesmaid udzavala wekha. Atachimenti imeneyonso ndinachita kudzipezera ndekha, sukulu inangondipatsa kalata.

Ndiye ngati muli ndi fizi ndipo mukufuna luso la manja pitani, makamaka chifukwa cha madamu a batik aja, koma sungani ina pambali yogulira makina anu ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo chilichonse mwapanga mkalasi muzijambula pa foni panja pali kuwala, makasitomala anga oyamba anachokera pa status ya WhatsApp. Ngati cholinga chanu ndi kudizayina zitenje pa kompyuta basi, funsani kaye kuti makompyuta ali nawo angati ndipo akuonetseni akuyaka.