Katabuleti kotchipa, foni yaikulu kapena iPad yakale: ndalama ipite kuti?

Munthu akamagula katabuleti, chimene akugula kwenikweni ndi kutambalala kwa sikirini. Zina zonse foni yam'thumba imachita kale, ndipo nthawi zambiri imazichita bwino kuposa tabuleti yotchipa. Ndiye tisanafike pa mayina a makampani, titenge kaye rula.

Mainchesi amene amalemba pabokosi amayeza mopingasa, kuchoka pakona ina kukafika pakona ya kutsidya, ndipo nambala imeneyi imasocheretsa. Foni ya mainchesi 6.7 ndi yaitali koma yoonda: sikirini yake ndi masentimita pafupifupi 15.5 mulitali ndi 7 mulifupi. Tabuleti ya mainchesi 7 ngati Amazon Fire 7 ndi 15.3 ndi 9. Ya mainchesi 8 ndi 17.2 ndi 10.8, pomwe ya 8.7 ngati Samsung Galaxy Tab A9 imafika 19 ndi 11.3. Mukachulukitsa manambalawa muona kuti ya mainchesi 7 yangoiposa foni ija pang'ono, osafika ndi limodzi mwa magawo atatu, koma ya 8.7 ndi mafoni awiri oyalidwa pamodzi.

Kusiyanaku kumaoneka bwino pa PDF. Pepala la A4 ndi masentimita 21 mulifupi. Pafoni yoimika limafinyidwa kukhala masentimita 7, ndiye mumangokhalira kukulitsa ndi zala, kukokera kumanja, kubwerera kumanzere, mzere uliwonse. Pa tabuleti ya 8.7 yogoneka cham'mbali, tsamba lomwelo limatenga masentimita 19, pafupifupi kukula kwake kwenikweni, ndipo mumangotsetsereka kupita pansi. Kwa wophunzira wowerenga manotsi ndi mabuku okhala ndi zojambula, chifukwa chogulira tabuleti ndi chimenechi basi. Ya mainchesi 7 sichifikapo, n'chifukwa chake ine sindiionera ntchito kwa munthu wamkulu amene ali kale ndi foni yabwino.

Koma kukula si kuoneka bwino kwa zilembo. Fire 7 ili ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) 1024 x 600, omwe ndi 171 pa inchesi. Matabuleti ambiri a mainchesi 8 ali ndi 1280 x 800, kapena kuti 189 pa inchesi, ndipo a 8.7 ali ndi 1340 x 800, omwe ndi 179. Foni wamba ya 1600 x 720 ili pa 260, ya 2400 x 1080 ili pafupi ndi 390. Tsono mukachoka pafoni kupita pa katabuleti, zilembo zing'onozing'ono zimaoneka zamanyanya m'mbali mwake. Pa kanema simuzindikira. Pa mawu ang'onoang'ono apansi pa tsamba, maso amazindikira msanga. Panja pa dzuwa ndiye zimavuta kwambiri, chifukwa masikirini otchipawa sawala mokwanira ndipo ambiri ali ndi kampata pakati pa galasi ndi sikirini yeniyeni, kamene kamachititsa kuti muzidziona nokha ngati pagalasi.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri pa matabuletiwa si sikirini, ndi RAM, malo amene tabuleti imasungamo mapulogalamu amene mwatsegula pa nthawiyo. Android 13 Go, yomwe Google idapangira zipangizo zofooka, imafuna 2GB kuti ingoyenda. Ndiye tabuleti ya 2GB ili pansi penipeni, palibe chotsala. Zizindikiro zake n'zodziwika: mwatsegula tsamba pa intaneti, mwapita kukaona buku, pobwerera tsamba lija layambanso kutseguka kuchokera pachiyambi chifukwa tabuleti idalitseka mwakachetechete kuti ipeze malo. Mukamalemba, zilembo zimatuluka mochedwa chala chitadutsa kale. Pa Zoom mawu amayenda koma nkhope imauma. Ndi 3GB mukhoza kupirira, ndi 4GB mavuto ambiriwa amatha. Samalani ndi zolemba ngati "4+4GB" kapena "8GB expanded". RAM yeniyeni ndi nambala yoyambayo. Inayo ndi yobwereka ku malo osungira zinthu, omwe ndi ochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, ndipo imakudyeraninso malo.

Purosesa, yomwe ndi ubongo wa tabuleti, nayonso muiwerenge dzina lake, osangokhutira ndi mawu akuti "quad-core" kapena "octa-core". Lenovo Tab M8 ya m'badwo wachinayi ili ndi Helio A22, yokhala ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'purosesa) anayi a Cortex-A53, kapangidwe kamene kampani ya ARM idalengeza mu 2012. Redmi Pad SE 8.7 ya 2024 ili ndi Helio G85, ndipo Galaxy Tab A9 ya 2023 ili ndi Helio G99. Ziwiri zomalizazi zili ndi ma core awiri amphamvu osenza ntchito yolemera ndi ena 6 opulumutsa batire. Ma core awiri amenewo ndi amene amachititsa kuti pulogalamu itseguke mukangoigunda. Pakati pa G85 ndi G99, G99 ndi yothamangirapo ndipo sitentha msanga, koma Redmi imabwezera ndi batire la 6650 mAh, pomwe la Samsung ndi 5100 mAh. Wofuna kuonera makanema tsiku lonse kutali ndi soketi atenge Redmi. Wosinthasintha mapulogalamu atenge Samsung.

Pa malo osungira, 32GB ndi yochepa kale chifukwa Android ndi mapulogalamu obwera nayo zimadya pafupifupi 10GB musanaikemo kanthu. Memori khadi imathandiza pa makanema, nyimbo ndi mabuku, koma mapulogalamu ambiri sasamukirako. Yambirani pa 64GB.

Matabuleti a Amazon ayenera kuikidwa paokha. Ndi otchipa chifukwa Amazon imafuna muzigula zinthu zake, ndiye alibe Google Play Store, ali ndi Amazon Appstore. Mulibe Chrome, mulibe Gmail, mulibe pulogalamu yeniyeni ya YouTube. Anthu amaikamo Play Store pamanja, mafayilo anayi motsatizana: Google Account Manager, Google Services Framework, Google Play Services, kenako Play Store, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso. Mukasokoneza ndondomekoyi kapena mukatenga fayilo yosagwirizana ndi Fire OS yanu (Android ya Amazon), Play Store imatseguka n'kudzitseka yokha. Ikayenda, mapulogalamu a Google amakhala akugwira ntchito kumbuyo nthawi zonse, ndipo pa Fire 7 ya 2GB zimenezi zimaifoola kwambiri. Onjezani kuti mulibe polowetsa SIM khadi, mulibe GPS, ndipo otchipitsitsa amaonetsa malonda mukangoyatsa sikirini. Kumene Fire imawina ndi kwa mwana wamng'ono woonera makatuni odawunilodiratu: n'njolimba, ndipo ikasweka mtima supweteka kwenikweni. Ngakhale apo, Fire HD 8 ya 2024 yokhala ndi 3GB kapena 4GB ndi yabwino kuposa Fire 7.

Ndiye pali matabuleti opanda dzina lodziwika, olembedwa kuti RAM 12GB, malo 512GB, Android yaposachedwa, pamtengo wotsika kuposa wa Galaxy Tab A9 ya 4GB. Masamu amenewo sakwana. Ena mwa awa amasinthidwa mkati kuti mu Settings aziulula manambala abodza. Ikani pulogalamu ya Device Info HW kapena AIDA64 muone dzina la purosesa, ngakhale izi nazo nthawi zina zimapusitsidwa. Umboni wosakanika ndi kukopera makanema ambiri mpaka kupitirira 32GB n'kuwatsegula mmodzimmodzi. Pa ya bodza, kukopera kumakanika pakatikati kapena mafayilo omalizira amakana kutseguka. Kenako tsegulani Play Store, pitani pa Settings, kenako About, muone ngati palembedwa kuti "Device is certified". Ikakhala yosavomerezeka, mapulogalamu ena a banki ndi Netflix akhoza kusaoneka n'komwe. Pomaliza ikani pulogalamu ya DRM Info muone mlingo wa Widevine, chitetezo cha makanema cha Google. Ikakhala L3 osati L1, Netflix imangokupatsani chithunzi cha 480p ngakhale intaneti ithamange bwanji. Ndipo galasi likasweka kapena potchajira pakatha, chosinthira cha tabuleti yopanda dzina sichipezeka, pomwe cha Samsung kapena Lenovo amisiri amachidziwa ndi nambala ya mtundu wake.

Mpikisano weniweni wa katabuleti katsopano ndi iPad mini yogwiritsidwapo kale ntchito. iPad mini 5 idatuluka mu 2019, sikirini yake ndi mainchesi 7.9 ndi mapikiselo 2048 x 1536, omwe ndi 326 pa inchesi, pafupifupi kawiri kuposa matabuleti onse tatchula aja. Maonekedwe ake a 4:3 ndi oyandikira pepala, ndiye mulifupi mwake ndi masentimita 12 ngakhale mutaiimika. Purosesa yake ya A12 imathamangabe kuposa Helio G99, ndipo idalandira iPadOS 18 mu 2024, patatha zaka 5 chituluke, zimene matabuleti ambiri otchipa a Android safikako. Pa kuwerenga kokha, palibe mnzake pagululi. Zofooka zake: ilibe polowetsa memori khadi, imatchajidwa ndi chingwe cha Lightning osati USB-C, ndipo batire lake lakalamba. Musatsike kufika pa mini 4 ya 2015, yomwe idathera pa iPadOS 15.

Pogula yakale, wogulitsa aifufute inu mukuona: Settings, General, Transfer or Reset iPad, Erase All Content and Settings. Ikayakanso, pitirizani nokha mpaka mufike pamene pali mapulogalamu. Ikapempha akaunti ya mwini wake wakale, ili ndi Activation Lock ndipo simudzaitsegula. Ikaonetsa "Remote Management", ndi ya kampani kapena sukulu ina. Zonse ziwiri isiyeni. Batire liyeseni ndi kanema wa mphindi 30, kuwala kuli pakatikati. Apple inkalonjeza maola 10, kutanthauza kuti batire labwino litsika ndi 5 kapena kupitirira pang'ono pa 100. Likatsika ndi 15 kapena 20, muwerengeretu zosintha batire, ntchito yovuta chifukwa sikirini ya iPad ndi yomata ndi guluu. Tabuleti yakale ya Android nayo ili ndi loko yake ya akaunti ya Google, ndiye muyeso ndi womwewo.

Nanga bwanji osangokwera kupita pa mainchesi 11? Galaxy Tab A9+ ili ndi 1920 x 1200 ndipo pa kulemba ndi kiyibodi kapena kutsegula mapulogalamu awiri mbali ndi mbali ndi yabwino kwambiri. Koma imalemera magalamu 480 pomwe A9 ndi 332, ndipo kusiyana kumeneko dzanja limakumva mukawerenga mutagona. Yaikulu ndi ya patebulo.

Wina aliyense amene foni yake ndi yakale, ya 2GB kapena 3GB, asagule tabuleti. Ndalama imeneyo aonjezere agule foni ya 2400 x 1080, chifukwa ndi imene amaigwira tsiku lonse ndipo kamera ya tabuleti yotchipa siyofunika kuitchula. Amene foni ili bwino koma amawerenga ma PDF kapena kuonera maphunziro a pa kanema, apeze ya 8.7 ya 4GB ndi 64GB kapena iPad mini 5 yopimidwa bwino.

Chotsala n'kusankha pakati pa ya Wi-Fi yokha ndi ya SIM khadi, ndipo apa mayina amafanana, nambala ndi imene imasiyanitsa: Galaxy Tab A9 ya SM-X110 ndi ya Wi-Fi yokha, ya SM-X115 ndi ya 4G. Ya Wi-Fi yokha ikhoza kutenga intaneti pa hotspot ya foni, koma foni imatentha ndipo batire lake limatha msanga, choncho woyendayenda atenge ya SIM. WhatsApp sifuna nambala yachiwiri: pa tabuleti imatulutsa QR code, mumaijambula ndi foni pa Linked devices, ndipo mauthenga amafika konse kuwiri. Foniyo ikakhala masiku opitirira 14 osatsegula WhatsApp, tabuleti imachotsedwa ndipo muyenera kulumikizanso.