Miyezi 14 chichepetsereni mabere: msana unapola, zipsera zilipo

Okutobala wathayu ndi woyamba kumudutsa osasupuka kunsi kwa mabere chiyambire utsikana wanga. Amene mumakudziwa kutentha kwa ku Kasungu mvula isanagwe mundimvetsa. Kale ndinkapinda kansalu n'kukalowetsa pansi pa bere lililonse kuti kazimwa thukuta, komabe pofika madzulo pamakhala patanyowa, pakuyabwa, fungo lili guu. Pamapewa zingwe za bra zinali zitakumba timaenje tolowa chala. Za khosi ndi msana ndiye musachite kufunsa, Panado ndinkagula ngati mchere.

Opaleshoni ndinakachitira ku Lilongwe mu Ogasiti chaka chatha, ndi ndalama za fodya kuphatikiza ngongole ya banki m'khonde. Funso loyamba la adokotala linali lakuti kodi ndikufunabe mwana wina, chifukwa akadula mkaka umatha kuchepa kapena osatuluka n'komwe, ndiponso mimba ina imatha kuwakulitsanso. Ine ana atatu anandikwana, wotsiriza ali sitandade 4. Anandiyeza magazi, n'kundigoneka tulo tofa nato kwa maola atatu. Amacheka mozungulira chakuda cha bere, n'kutsika molunjika, kenako n'kudutsa mopingasa m'khwinya la pansi, nsonga n'kuikweza. Zomwe anachotsa mbali zonse ziwiri zinatsala pang'ono kukwana makilogalamu 2, ndiye kuti mapaketi awiri a shuga omwe ndinkayenda nawo pachifuwa tsiku ndi tsiku. Anazitumiza kukapimidwa, sanapezemo vuto.

Ululu wake sunafike pomwe ndinkaopa. Timapaipi totulutsa madzi anachotsa tsiku lachiwiri. Chowawa chinali ulendo wobwerera, makilomita oposa 100 pa M1, nditakumbatira pilo, bampu iliyonse ya pa Mponela ndi pa Madisi ndikuimva mpaka m'mano.

Pomwe ndinalakwa ndi apa. Potuluka anandiuza kuti kwa milungu 6 ndizivala bra yothina bwino usana ndi usiku, ndizigona chagada, ndipo ndisanyamule zolemera. Mawu akuti zolemerawo ndi amene anandipusitsa. Kwa mayi wa kumudzi kuno ndowa ya madzi si katundu. Katundu ndi thumba la feteleza. Akanati osatwika ndowa, osavundula nsima ya anthu ambiri, osasinja, osatambasula mkono poyanika zovala, ndikanamva. Mlungu wachitatu mwana wa alamu anga yemwe ankandithandiza anabwerera kusukulu, ndipo inali nthawi ya nazale za fodya, aganyu asanu akudikira nsima. Ndinagwira mthiko, mpoto waukulu uja, kenako ndinadzitwika ndowa pamjigo. Usiku ndinapeza bra itanyowa kumanzere. Pomwe mizere iwiri imakumana pansi pa bere panali patatseguka, kukula ngati ndalama yachitsulo, m'kati muli mwachikasu.

Anesi a kuchipatala cha kwathu kuno atayang'ana anangoti, "Mayi, mwagwira ntchito yanji?" Anandifotokozera kuti malo amenewo ndi omwe amavuta kupola chifukwa khungu limakokana kuchokera mbali zitatu. Sanasokenso. Ndinkapita kukatsukitsa kwa milungu isanu, pakabaza, dzanja limodzi lili pachifuwa. Okutobala wa chaka chimenecho anatha ndili ndi bandeji.

Lero zipsera zilipo ndithu, ndipo amene angakuuzeni kuti zimafufutika akukunamizani. Kumanja mzere unaphwa, watsala wakuda pang'ono basi. Kumanzere, pomwe panatseguka paja, chipsera chinatukuka n'kulimba ngati chingwe, ndipo kukatentha chimayabwa. Khungu lathu lakudali limakonda kutupitsa zipsera, choncho ngati munaboola khutu n'kutuluka chotupa, auzeni adokotala musanagone pabedi paja. Mankhwala opaka a silicone ndinagula ku Lilongwe, ndi odula, koma nditapaka miyezi itatu chinafewako.

Nsonga yakumanja inayamba kumva mwezi wachisanu ndi chiwiri, poyamba ngati wina akubaya ndi singano. Yakumanzere mpaka pano ili zii, ndikaitsina ndimangoona ndi maso. Zimenezi zimandikhudza kuposa zipsera, ndipo za kuchipinda sindinena zambiri, koma bambo akunyumba anachita kuzolowera nawonso. Mabere enieniwo miyezi yoyamba anali olimba, okwera ngati si anga. Anakhazikika patadutsa theka la chaka, ndipo lakumanzere ndi lokulirapo pang'ono.

Anthu ndiye anayankhula. Ena anafalitsa zoti ndili ndi khansa, mpaka amayi anzanga a Chigwirizano anabwera kudzandipempherera, ine osadziwa kuti ndikudwala chiyani. Apongozi anandiitanira kuseri n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, zomwe Mulungu anakupatsa ukazisiye ku Lilongwe?" Ndinawaonetsa timaenje ta pamapewa tija. Anagwira ndi chala, sanayankhe, koma mawa lake anatumiza mdzukulu wawo kudzanditungira madzi.

Mukandifunsa ngati ndingabwerezenso, yankho ndi eya, koma osati mu Ogasiti. Ndikanadikira nthawi yomwe kulibe aganyu ofuna nsima, ndipo wondithandiza ndikanapangana naye miyezi iwiri yathunthu, ngakhale kumulipira. Msana unasiya kupweteka mwezi woyamba womwewo. Ndimapalira mzere mpaka kumapeto osaima kuti ndiwongoke. Timaenje ta pamapewa sitinathe, tangochepa.

Mabulauzi onse ndinakapereka kwa atelala kuti abweze. Sabata yatha pamsika wa paboma ndinaima pamulu wa kaunjika pomwe kale ndinkavundukula mpaka pansi osapeza kanthu, ndipo bra yachiwiri yomwe ndinatola inandikwana. Wogulitsa uja, yemwe ankandisungira zikuluzikulu akatsegula belo, anandiyang'ana kawiri n'kufunsa ngati ndikugulira mwana.