Seva yathu ya maimelo patatha chaka ndi theka

Mnzanga wina wa kampani ya zomangamanga ku Lilongwe wandifunsa ngati naye angabwereke seva kwa anthu amene amatibwereketsa ife, kuti akhale ndi imelo ya dzina la kampani yake. Titangoyamba kuigwiritsa ntchito ndinaitamanda kwambiri. Lero mawu anga asintha.

Ife timasindikiza malisiti, makalendala ndi mabuku a sukulu ku Limbe. Tinatenga VPS yaing'ono, yomwe ndi seva yobwereka pa intaneti, yoyendera pulogalamu ya Ubuntu, ogulitsawo n'kutiikira Postfix yotumizira makalata ndi Dovecot yowerengera. Kulandira makalata sikunativutepo. Pafoni imayenda bwino, malo ndi okwanira, ndipo foda ina itafufutika anatibwezera kuchokera pa backup tsiku lomwelo. Pamenepo ndilibe nawo chifukwa.

Nkhani ili pa kutumiza.

Lolemba lina tinatumiza quotation kusukulu ina yomwe inkafuna mitengo pofika Lachitatu. Kalatayo inaoneka bwinobwino mu Sent. Lachinayi akuluakulu a sukuluyo anaimba foni: "Bambo, kodi ntchito yathu simukuifuna?" Anali atapatsa kale ena. Mphwanga, amene amadziwa za makompyuta, atalowa mu seva n'kulemba mailq, lamulo loonetsa makalata amene sanatuluke, tinapeza makalata a sabata yonse ali ndondondo pamzere, iliyonse ili ndi mawu omwewa: "Name service error for name=gmail.com type=MX: Host not found, try again".

Seva isanatumize kalata kwa munthu wa Gmail, imayamba yafunsa DNS, lomwe ndi buku la maadiresi a pa intaneti, kuti makalata a gmail.com amalandiridwa ndi makina ati, ndipo yankho loyamba limakhala gmail-smtp-in.l.google.com. Ikapanda kuyankhidwa, Postfix sibweza kalatayo. Imaisunga n'kumayesabe mpaka masiku 5, ndipo ngati palibe amene anasintha delay_warning_time, siuza wotumizayo kanthu masiku onsewo. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chimenechi. Kalata ikanabwerera Lolemba lomwelo, ndikanakwera minibasi n'kukapereka pamanja.

Titawauza ogulitsa, yankho loyamba linali lakuti mwina ndi netiweki ya kuofesi kwathu, kapena magetsi. Koma seva ili kunja kwa dziko, magetsi a ku Limbe alowapo bwanji? Kenako anatitumizira chithunzi chosonyeza kuti alemba dig MX gmail.com, lamulo lofunsa DNS funso lomweli, ndipo yayankha, ndiye kwa iwo DNS inalibe vuto. Anazimitsa n'kuyatsanso Postfix, makalata onse anatuluka, nkhani n'kutsekedwa. Patapita milungu ingapo zinabwereranso. Anachita chimodzimodzi. Zinabwereranso.

Amene anagwira mbava ndi mphwanga uja. Pa Ubuntu ndi Debian, mbali ya Postfix yotumiza makalata imagwira ntchito itatsekeredwa mu chroot, ndiye kuti m'foda yakeyake, moti siona /etc/resolv.conf, failo yonena kofunsa DNS, imene dig imawerenga. Imawerenga kope lake lomwe lili ku /var/spool/postfix/etc/resolv.conf, ndipo kopeli limatengedwa nthawi imene Postfix ikuyaka. Atatsegula failo imeneyo munalibe mzere wa nameserver, wotchula makina oyankha mafunso a DNS, ngakhale umodzi. Ogulitsa akamazimitsa seva usiku pokonza zawo, Postfix inkadzuka netiweki isanakhazikike, n'kukopera failo yopanda kanthu. Zili ngati kutsekera kalaliki m'chipinda ndi buku la maadiresi losalembedwa, kenako n'kumadabwa kuti makalata sakupita. N'chifukwa chake kuyatsanso kunkathandiza, mpaka tsiku lina lozimitsa seva.

Mphwanga anaika Unbound, pulogalamu yoyankha mafunso a DNS, pa seva pomwepo kuti mafunsowo azipita ku 127.0.0.1, yomwe ndi adiresi ya seva yomweyo, anakonza kuti Postfix izidikira network-online.target, chizindikiro choti netiweki yakhazikika, isanayake, n'kuika chenjezo loti kalata ikachedwa maola 4 wotumiza adziwe. Inali ntchito ya madzulo amodzi. Kuyambira pamenepo mzere uja sunadzazenso, ndipo masiku ena ndimaiwala n'komwe kuti tili ndi seva. Masiku amenewo ndimaikonda.

Panalinso vuto lina la DNS, koma loyang'ana kwina. Kuyambira February 2024 Gmail inakhwimitsa malamulo: wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, zomwe zimatsimikiza kuti kalata yachokeradi kwa mwini dzina, ndipo IP yake, yomwe ndi adiresi ya manambala ya seva, ikhale ndi PTR, mzere wa DNS wolumikiza adiresiyo ndi dzina, yogwirizana ndi dzina la seva. SPF ndi DKIM tinali nazo. PTR panalibe, ndipo makalata ena anayamba kukanidwa ndi nambala 550 5.7.25. Imeneyi simungaikonze nokha, amakonza ndi mwini wa IP. Apa m'pamene tinadziwa kuti ogulitsa athuwo nawonso amangobwereka kwa kampani ina yakunja. Pempho la mzere umodzi linadikira milungu, ife tikutumiza ma invoice pa WhatsApp.

Tsopano za ndalama. Mtengo amauwerengera m'madola, ife n'kumalipira m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu inakwera nthawi yomweyo. Zimenezo sindiwada nazo, si iwo anagwetsa. Chimene sindikuvomereza ndi ndalama yapadera ya "support" imene amaika pa bilu mwezi ndi mwezi, chonsecho vuto lalikulu limene seva yakhalapo nalo linapezedwa ndi mwana wa kwathu amene ndinangomugulira chakudya chamadzulo. Chomwe chikutisunga kwa iwo n'chakuti amalandira kwacha. Aliyense amene anayesapo kulipira kampani yakunja ndi khadi m'nyengo ino ya kusowa kwa forex akudziwa mmene zimavutira.

Kwa inu achimwene a ku Lilongwe: ngati muli ndi munthu wodziwa kuwerenga /var/log/mail.log, failo imene seva imalembamo zonse zochitika pa makalata, tengani, sevayo payokha ndi yabwino. Musanalipire, auzeni ogulitsawo aike PTR inu mukuona, ndipo muwapemphe azimitse seva n'kuyatsanso, kenako mutumize kalata ku Gmail muone ngati ifika. Ngati munthu wotero mulibe, lipirani Google Workspace kapena Zoho, ngakhale zimafuna madola.

Ine bilu ya chaka chathunthu ndaikana. Ndalipira miyezi itatu yokha, ndipo ndawalembera kuti achotse ndalama ya support kapena alembe papepala kuti vuto likachitika aziyankha pasanathe maola angati. Ati akambirana ndi abwana awo.