Ntchito ya pa boti ku Joni, ndimvereni kaye

Abale anga a ku Mangochi ndi Nkhotakota amene mukumva zoti ku Joni kuli ntchito za usodzi, ine ndapsa kale. Ejenti wina anandiuza kuti pa damu lina ku KwaZulu-Natal akufuna munthu wodziwa madzi, R4,500 pamwezi, pogona ulere. Ndinamupatsa R1,800 ya "kulembetsa", kufika kuno pogona akudula R900, ovolosi R350, ndipo ntchitoyo si yapamwezi ayi, ndi maganyu a masiku ampikisano basi. Mwezi woyamba m'manja munatsala R1,600. Foni ya mkulu uja mpaka lero imangoitana.

Usodzi wakenso si umene mukuudziwa inu. Nsomba yake ndi bass, kwawo ndi ku America, anaibweretsa kuno mu 1928, ndipo anthu ochita mipikisano yowedzawa saigwirira ndiwo. Amanyamuka mbandakucha ndi maboti a injini zikuluzikulu, nyambo zapulasitiki, kuponya mbedza tsiku lonse, masana aliyense amabweretsa zisanu zazikulu pasikelo zili zamoyo, kujambulitsa, kenako nkuzibwezera m'madzi. Ukabweretsa yakufa amakulanga pa kulemera kwake, ndiye onse amanyada kuti ife sitipha nsomba.

Funsani ine amene ndimatsala pagombe Lolemba ndi Lachiwiri iwo atapita. Nsomba yakhala maola 6 mu kathanki ka m'boti, madzi otentha a mu Januwale, yadikiranso sikelo m'thumba pamzere, poibweza imasambira bwinobwino anthu nkuombera m'manja, koma pakapita masiku awiri ndimazipeza zayandama chagada m'mabango, ndipotu zimakhala zikuluzikulu zomwe zija zinawinitsa anthu ndalama. Zokoka pakuya zimatupa mimba nkumakanika kumira mpaka wina aziboole ndi singano mpweya utuluke. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha mu Seputembala ndi Okutobala, yamphongo imakhala ikulondera chisa pamadzi osaya, imaluma chilichonse choyandikira, ukangoichotsa timansomba tina timathamangira mazira, ndipo ngakhale aibweze amakaitaya kutali komwe kuli sikelo osati pachisa pake. Kwathu chambo chikamaswa nyanja amatseka, kuno ndi nthawi imene maboti amachuluka. Sindinganame kuti damu latha nsomba, bass imaswana zedi, zing'onozing'ono nzambiri, koma zazikulu zija eni ake omwe amadandaula kuti zikuvuta kupeza.

Ndiye tamvani izi. Tsiku lina zinayandama 8, bwana akuti ndine sindinathire ayisi wokwanira mu thanki, anandidula R400. Ndinatola imodzi inali ikupumabe pang'ono kuti ndikaphike, anandikalipira ngati ndaba mbuzi. Nsomba yoti iwola, ine nsima ndikudyera kabichi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandiuza zoona, bambo wina wa ku Dedza amene wakhalitsa kuno. Anandipezera ganyu wotsuka maboti mkati mwa sabata, anandiuziratu kuti ndi R200 patsiku, masiku atatu, nthawi yozizira ntchito imachepa, ndipo yake R300 anatenga nditalandira kale, osati patsogolo.

Inu amene mukulota kuti mukafika mudzatchera matchela usiku nkumagulitsa nsomba mu lokeshoni, iwalani. Maukonde m'madamu amenewa ndi mlandu, amalanda, amamanga, ngati mapepala ako sali bwino ulendo wa ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Musagulitse bwato ndi ukonde wanu chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook cha munthu atanyamula chinsomba, chimenecho anachibweza m'madzi ndipo mwina ndinachitola ndine. Musapereke ndalama kwa ejenti musanamve kwa munthu amene akugwira ntchito pamalopo kuti amalandira zingati akadula zonse.

Loweruka lino kuli mpikisano wina, kunja kukutentha kwabasi, thumba lotolera Lolemba ndaliika kale pafupi.