Andiimitsa mwezi wathunthu pa shopu ya ntchito zamanja ya pakoleji ku Kasungu

Ndadikira sabata zitatu ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa tsiku limene nkhaniyi inachitika mtima wanga unali utawira kwambiri. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Santhe, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi ndakhala ndikupita ku shopu ya ntchito zamanja imene koleji ina ya kuno ku Kasungu inatsegulira anthu wamba, kuja timalipira K15,000 pamwezi kuti tizigwiritsa ntchito makina awo Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndinapitako kuti ndikapange makina opukusa ndi manja oswera mtedza, popeza gulu lathu la alimi limatha masiku ambiri likuswa mtedza wa mtundu wa CG7 ndi zala, ndipo ena akatopa amauwaza madzi kuti makoko afewe, chimene chimabweretsa chuku ndi kugwetsa mtengo pamsika.

Za zida ndilibe dandaulo. Makina owotcherera, oboolera zitsulo ndi mavayisi opanira zitsulo onse ndi amphamvu, malowo amasesedwa tsiku lililonse, ndipo ndowa za mchenga ndi chozimitsira moto zili poonekera.

Vuto linayambira pa tebulo lolandirira ndalama. Malamulo awo amati munthu aliyense watsopano ayambe waphunzitsidwa za chitetezo asanakhudze makina, koma bambo amene amalemba malisiti atamva kuti ndinali mphunzitsi anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mwaphunzitsa anthu zaka zonsezi, ife tikuphunzitseninso chiyani? Ingosainani apa." Anandipatsa mapepala awiri a Chingerezi a zilembo zing'onozing'ono, anandilozera posaina, n'kuwatenganso nthawi yomweyo kukaika mu fayilo. Sindinadziwe kuti mzere umene ndinasainawo unkanena kuti ndaphunzitsidwa ndipo ndamvetsa malamulo onse. Ndikuvomera kuti ndinayenera kuwerenga, koma amene anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti ndawerenga ndi yemweyo amene anandifulumizitsa, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu.

Lachisanu lina mu Juni, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndinali ndikudula chitsulo cha miyendo ya makina anga ndi galayinda yaing'ono ija ya disiki ya mamilimita 115 pamene magetsi anathima. Swichi ya galayinda imeneyo ndi yokankhira kutsogolo n'kukola, kotero kuti imakhalabe yoyatsa ngakhale munthu atachotsapo chala. Italeka kulira ndinaiika pa benchi monga momwe munthu amaikira hamala, ndinavula magalasi, n'kutuluka kukaothera dzuwa ndi kuyankha foni, poti m'shopumo munkazizira. Ndinamva patali mayi wachitsikana amene amayang'anira shopuyo akufuula kuti aliyense azule pulagi yake, koma sindinaganize kuti akunenanso ine, ndipo iye poyendera mabenchi sanaone yanga chifukwa ndinailumikiza ku chingwe chowonjezera chimene chinadutsa kuseri kwa kabati.

Magetsi anabwera patatha pafupifupi mphindi 40. M'katimo munali ophunzira atatu amene ankasesa tizitsulo pansi. Ndili pakhomo ndinamva galayinda ikulira yokha, ndipo ndisanaponye phazi inali itadumpha kale pa benchi, disiki inamenya vayisi n'kusweka, chidutswa china chinakaboola lata la khoma, ndipo galayindayo inagwera pansi ikuzungulirabe n'kukakhula jombo ya mtsikana mmodzi wa ophunzirawo. Mayi woyang'anira uja anathamangira batani lofiira la pakhoma limene limadula magetsi a shopu yonse, ndipo zonse zinakhala chete. Chikopa cha jomboyo chinang'ambika mpaka chitsulo cha kuzala chinaonekera. Mtsikanayo sanavulale, koma anakhala pansi akunjenjemera, osatha kuyankhula, ndipo nkhope yake sindidzaiiwala.

Mayiyo anafunsa pamaso pa onse kuti, "Galayinda iyi amagwiritsa ntchito ndani?" Ndinayankha kuti ndine. Iye anati, "Abambo, lamulo lachisanu ndi chiwiri likuti magetsi akathima muzimitse swichi, muzule pulagi, kenako ndiye mutuluke. Munasaina kuti mukulidziwa. Muima mwezi wathunthu." Ndinayesa kufotokoza kuti palibe amene anandiuzapo za lamulo limenelo, koma anati zimenezo tidzakamba tsiku lina, ndipo anatenga choko n'kulemba dzina langa lonse pa bolodi ya pakhomo pansi pa mawu akuti oimitsidwa. Pa bolodi imeneyo pamadutsa achinyamata amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ku pulayimale. Nditapita ku tebulo kukafunsa za ndalama za mwezi umene ndinali nditalipira kumene, bambo wa malisiti uja sanandiyang'ane n'kumaso komwe, anangoti ndalama ikalowa siituluka. Munthu yemwe uja amene ananditamanda tsiku loyamba anakhala ngati sanandionepo. Ulendo wonse wobwerera ku Santhe ndinali nditatsimikiza kuti sindidzapondakonso.

Lachiwiri lotsatira ndinapitako ndi kalata yodandaula m'thumba, ndipo apa ndiyenera kunena zoona za mayi uja, ngakhale ndinali nditamukwiyira. Atamva momwe ndinasainira, anakatenga fayilo, ndipo anapeza kuti anthu ena angapo achikulire analembedwa kuti aphunzitsidwa pa masiku amene iye sanaphunzitse munthu aliyense. Anandipepesa, anafufuta dzina langa pa bolodi, koma chilango sanachotse, ponena kuti akachotsera ine ophunzira adzati malamulo amagwira ana okha. Kenako anakhala nane ola lathunthu n'kundifotokozera malamulo onse m'Chichewa, lililonse ndi chifukwa chake. Anandionetsa pa galayinda pomwe palembedwa kuti imazungulira maulendo 11,000 pa mphindi, n'chifukwa chake saloleza kuchotsa chotchinga cha disiki monga amachitira amisiri ambiri a m'misika yathu. Anandiuza kuti pa makina oboolera savala magolovesi, chitenje cholendewera kapena malaya a manja omasuka, chifukwa chozungulira chikagwira nsalu chimakoka ndi dzanja lomwe. Anati magalasi a dzuwa sateteza maso powotcherera, ndipo n'zoona, chifukwa ndikudziwa anyamata a pa Santhe amene amagona usiku maso akuwawa ngati alowa mchenga. Mapaipi ndi malata opakidwa zinki sawotchereredwa m'kati mwa shopu chifukwa utsi wake umadwalitsa, munthu sagwira ntchito yekha m'shopu, wonunkha mowa amabwezedwa pageti, ndipo amene anganene mawu achipongwe kwa ophunzira aakazi amachotsedwa osabwereranso. Lamulo limene ndinkaliona ngati lovuta kwambiri, lokana mapatapata ndi nsapato zoonetsa zala, ndi limene linapulumutsa phazi la mwana uja. Atamaliza anaika jombo yong'ambikayo pa tebulo, ndipo kalata yanga yodandaula za iye sindinaitulutse.

Komabe sindingawapatse nyenyezi zoposa zitatu mwa zisanu. Malamulo abwino chotere akhomedwa pakhoma m'Chingerezi chokha, pamene anthu amene shopuyo inatsegulidwira ndi okhoma zidebe, okonza njinga za kabaza, opanga ngolo ndi majeke a fodya, anthu odziwa ntchito ndi manja awo koma amene sangakhale pansi kuwerenga masamba awiri a chinenero chimenecho. Boma lathu lino ndi kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa atasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, ndipo achinyamata ofanana naye ndi amene amabwera pageti limeneli. Kumasulira malamulo khumi ndi awiri m'Chichewa ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ndinadzipereka kuti ndiwachitire kwaulere, koma mpaka lero akuluakulu a koleji sanandiyankhe. Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la chaka cha 1997, ndipo sindikhulupirira kuti mzimu wa lamulo limenelo ndi wakuti munthu angosaina pepala kuti mwini malo asadzakhale ndi mlandu.

Chinanso n'chakuti makina awo aakulu oboolera ali ndi swichi imene imadzizimitsa yokha magetsi akathima, moti sayambanso mpaka munthu atadina batani lobiriwira. Mayi uja anandiuza kuti wakhala akupempha kuti masoketi a pa mabenchi aikidwe chipangizo chomwecho. Kuno magetsi kuthima si chinthu chachilendo, choncho kudalira kuti munthu aliyense azikumbukira kuzula pulagi nthawi zonse n'kuika miyoyo ya ana pachiswe, ndipo ndalama zimene timalipira zikanayenera kuyambira pamenepo.

Bambo wa malisiti uja akadali pa tebulo lake, ndipo K15,000 yanga sinabwezedwe kapena kusunthidwira mwezi wina, ngakhale zinaoneka poyera kuti iye ndiye anandidumphitsa maphunziro. Zimenezi zikundiwawabe. Amene mukufuna kukalembetsa, musasaine kanthu musanaonane ndi mayi woyang'anira shopu ndi kuphunzitsidwa ndi iye mwini, ndipo mupite mutavala nsapato zotseka. Ine ndibwererako sabata yamawa chilango chikatha, chifukwa makina anga atsala sefa ndi chopukusira ndipo atsekeredwa mu kabati yawo, koma mtedza wa gulu lathu wa chaka chino ayamba kale kuuswa ndi zala.