Komwe tinaonera fainolo ya World Cup ku Highfield

Pa 18 Disembala 2022 ndinapita ndi achimwene kukaonera fainolo ya Argentina ndi France pamalo ena odyera ku Highfield kuno ku Harare, komwe akwathu amakonda kusonkhana. Magetsi anathima Argentina ikutsogola 2-0, koma eni malo analiza jenereta msangamsanga, moti zigoli ziwiri zotsatizana za Mbappé wa France sizinatidutse. Pamenepo ndiye ndinawavulira chipewa.

Nsima, ija kuno amati sadza, inabwera ya moto, nyama yootcha yofewa bwino, tsabola pambali. Koma TV yawo ndi yaing'ono, abale. Masewero atatha 3-3 n'kufika pa mapenate, ndinachita kukwera pa kreti kuti ndione Messi akumenya. Mipandonso ndi yochepa, ndiye muzilawirira. Ine fainolo ikubwerayi ndidzaonera komweko.